Ciphunzitso ca Darwin ndi utsamunda: mmene zinafalikira pamodzi padziko lapansi

Mu caka ca 1857, kampani yosindikiza mabuku ya John Murray mu mzinda wa London inatulutsa buku la maulendo a David Livingstone, momwe anthu ambiri a ku Britain anawerengamo koyamba za mtsinje wa Zambezi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya. Patapita zaka ziwiri, pa 24 Novembala 1859, kampani yomweyo inatulutsanso buku la Charles Darwin lochedwa On the Origin of Species, lofotokoza mmene mitundu ya zamoyo imayambira. Amuna awiriwa lero agona m'nyumba imodzi, ya Westminster Abbey. Livingstone anaikidwa mu 1874, mtembo wake utanyamulidwa kucokera kwa Chitambo, ndipo Darwin anaikidwa mu 1882.

Buku loyambalo linakokera kuno amishonale ndi amalonda, ndipo pambuyo pao panadza asilikali. Laciwirilo linapatsa ena mwa anthu amenewa mau atsopano odzilungamitsira. Pasanathe zaka 50, ciphunzitso ca cisinthiko ca zamoyo cinali kukambidwa ku Tokyo, Cairo, Calcutta ndi Buenos Aires, ndipo m'zaka zomwezo maiko a ku Ulaya anagawana pafupifupi Africa yense. Pali anthu amene amakana ciphunzitsoci cifukwa ca mbiri imeneyi, ndipo pali ena amene amakana mbiriyo pofuna kuteteza ciphunzitsoco. Nkhani yake ndi yopotana kuposa mmene mbali ziwirizi zimaifotokozera, ndipo mbali ina ya nkhaniyi inacitikira mu mgodi wa ku Kabwe.

Zimene Darwin anaphunzitsa

Mfundo ya Darwin siyovuta kwa mlimi. Ana a kholo limodzi samafanana ndendende. Zina mwa zosiyanazo amapatsira ana ao. Zamoyo zimabereka ana ambiri kuposa amene cakudya ndi malo zingathe kusunga, motero ambiri amafa asanabereke. Otsala amakhala aja amene cibadwa cao cikugwirizana ndi malo amene akukhala, ndipo ndiwo amasiya mbeu. Mlimi akamasankha zisononkho zabwino za cimanga kuti zikhale mbeu ya caka camawa, amasintha cimanga cake pang'onopang'ono. Darwin ananena kuti cilengedwe cimacita zofananazo popanda munthu wosankha, ndipo pa zaka mamiliyoni ambiri mitundu yatsopano imatuluka.

Izi tinaziona ndi maso athu pa nkhani ya malungo. Mankhwala a chloroquine anapha tizilombo tambiri, koma toŵerengeka timene tinapirira tinaswana mpaka mankhwalawo anasiya kugwira bwino nchito, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 boma la Zambia linasinthira ku Coartem. Kumeneko ndiko kusankha kwa cilengedwe.

Tinenenso kuti Darwin sanaphunzitse kuti munthu anabadwa kwa nyani amene timamuona m'munda. Ananena kuti anthu ndi anyani akuluakulu, monga chimpanzi ndi gorila, ali ndi kholo limodzi lakalekale. Ndipo mu mfundo yeniyeniyo mulibe za mtundu wapamwamba kapena wapansi. Woyenerera ndi amene akugwirizana ndi malo ake pa nthawi imeneyo. Malo akasintha, woyenerera wa dzulo angathe kukhala woyamba kutha.

Sitima ya asilikali ndi makalata ocokera kutali

Ciphunzitsoci cinabadwira m'kati mwa ufumu wa Britain, ndipo cinadya za ufumuwo. Sitima ya HMS Beagle, imene Darwin anayendamo kucokera mu Disembala 1831 kufikira mu Okutobala 1836, inali ya gulu la nkhondo la pamadzi la Britain. Nchito yake inali kujambula mapu a magombe a South America kuti sitima za malonda ndi za nkhondo ziziyenda bwino. Darwin anali mlendo cabe wa kaputeni Robert FitzRoy. Mu 1833 anakumana ndi kazembe Juan Manuel de Rosas ku Argentina pamene anali pa nkhondo yopulula eni nthaka a kumeneko. Mu 1836 anafika ku Tasmania, kumene eni dziko otsala anali atasamutsidwira kale pa cisumbu ca Flinders. Caka comweco anaima ku Cape Town. Kulikonse kumene anapita anaona anthu akutha azungu atafika.

Alfred Russel Wallace, amene anatulukira mfundo yomweyo payekha natumizira Darwin kalata mu 1858 ali pa cisumbu ca Ternate, anakhala zaka 8 m'zisumbu zolamulidwa makamaka ndi Netherlands. Anasonkhanitsa tizilombo, mbalame ndi nyama zoposa 125,000, ndipo mbalame zambiri anamuwombera ndi mnyamata wa kumeneko dzina lake Ali. Darwin atabwerera kwao sanayendenso kunja, koma analembera makalata asilikali, madokotala, amishonale ndi eni minda m'maiko olamulidwa ndi Britain, kuwafunsa za nkhunda, nkhuku, mbeu ndi anthu. Mnzake wapamtima, Joseph Hooker, anali mkulu wa minda ya Kew kuyambira 1865, ndipo ku Kew komweko ndiko kumene John Kirk anatumiza zomera zimene anatola m'cigwa ca Zambezi ali pa ulendo wa Livingstone. Ngakhale lingaliro la kulimbirana cakudya, Darwin ndi Wallace onse analitenga m'buku la Thomas Malthus, mphunzitsi wa pa koleji ya Haileybury imene inkaphunzitsa olamulira a kampani ya East India.

Komabe Darwin ankadana ndi ukapolo ndi mtima wake wonse. Ali mnyamata ku Edinburgh anaphunzira kukonza zikopa za mbalame kwa John Edmonstone, munthu wakuda amene anali kapolo ku Guyana. Ku Brazil anakangana ndi FitzRoy, amene ananena kuti akapolo ena atafunsidwa anayankha kuti safuna ufulu. Darwin anafunsa ngati yankho la kapolo loperekedwa pamaso pa mbuye wake lili ndi phindu lililonse, ndipo mkanganowo unatsala pang'ono kumucotsa m'sitimamo. Pamene bwanamkubwa Edward Eyre anapha anthu akuda oposa 400 ku Jamaica mu 1865, Darwin anali mmodzi wa amene anapereka ndalama kuti Eyre azengedwe mlandu.

Tsankho nalonso silinayambe ndi Darwin. Georges Cuvier, amene anatumbula mtembo wa Sara Baartman ku Paris atamwalira mu 1815, anali wotsutsa kwambiri cisinthiko. Ku America, akatswiri monga Louis Agassiz ankaphunzitsa kuti anthu akuda ndi azungu analengedwa padera, ndipo eni akapolo anakondwa nazo. Poyerekeza ndi amenewa, Darwin anaumirira kuti anthu onse ndi a kholo limodzi.

Koma sitingamuyeretse. M'buku lake la 1871, The Descent of Man, anaika anthu m'magulu a otukuka ndi osatukuka, ndipo analosera kuti m'zaka mazana ocepa otukukawo adzafafaniza enawo ndi kutenga malo ao. Sanalamule kuti zicitike, koma anazilemba ngati mmene munthu amalembera za kugwa kwa mvula. Pamenepa ndiye panagona ngozi. Zimene zinali kucitika ndi mfuti, nthomba ndi kulanda minda zinayamba kuoneka ngati lamulo la cilengedwe limene palibe munthu angaimbidwe nalo mlandu.

Makwerero a mitundu

Darwin anajambula zamoyo ngati mtengo wa nthambi zambiri. Anthu a m'nthawi yake anautenga mtengowo n'kuusandutsa makwerero, mzungu pamwamba, ena onse pansi. Mau ochuka onena za kupulumuka kwa oyenerera anawapeka ndi Herbert Spencer mu 1864, ndipo Darwin anawalowetsa m'buku lake mu 1869. Pakamwa pa andale, woyenerera anasanduka wamphamvu, ndipo wamphamvu anasanduka wolungama. Codabwitsa n'cakuti Spencer mwiniwakeyo ankatsutsa nkhondo zolanda maiko, koma mau akacoka pakamwa sabwerera.

Msuweni wa Darwin, Francis Galton, anayenda m'dziko limene lero ndi Namibia pakati pa 1850 ndi 1852, ndipo anabwerako ndi cipongwe cacikulu pa anthu amene anamusunga ndi kumulondolera njira. Mu 1873 analembera nyuzipepala ya The Times kuti anthu a ku China asamutsidwire kum'mawa kwa Africa kuti m'kupita kwa nthawi alowe m'malo mwa anthu akuda. Mu 1883 anapeka dzina lakuti eugenics, kutanthauza kusankha anthu oyenera kubereka monga mmene mlimi amasankhira nkhunzi. Wophunzira wake, Karl Pearson, anauza anthu mu 1900 kuti mtundu umapita patsogolo pomenyana ndi mitundu imene iye ankaiyesa yapansi. Cecil Rhodes, amene dzina lake dziko lino linasenza kufikira 1964, analemba kale mu 1877 kuti Angerezi ndiwo mtundu woposa yonse ndi kuti dziko lapansi lingapindule iwo akatenga malo ambiri.

Caka ca 1898 cikuonetsa bwino mmene mau ndi zocita zinkayendera limodzi. Mu Januwale caka cimeneco, asilikali a Britain anathira nkhondo Angoni a Mpezeni kufupi ndi kumene lero kuli Chipata. Kampani ya North Charterland inkakhulupirira kuti m'dzikomo muli golide. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera ankhondo, anagwidwa n'kuwomberedwa, midzi inatenthedwa ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Mu Meyi caka comweco, nduna yaikulu ya Britain, Lord Salisbury, inauza msonkhano ku London kuti maiko a padziko ali m'magulu awiri, amoyo ndi omwe akufa, ndipo amoyowo adzadya malo a omwe akufawo. Angoni sanali kufa ndi kanthu. Anakumana ndi mfuti ya Maxim atanyamula mikondo ndi zishango, ndipo golide amene ankafunidwayo sanapezeke monga kampaniyo inkayembekezera.

Kungakhale kulakwa kunena kuti atsamunda anabwera cifukwa ca Darwin. Anadzera migodi, minda, misika ndi mpikisano wa pakati pao, ndipo msonkhano wa ku Berlin wa 1884 ndi 1885 unali wa malire ndi malonda. Ambiri a iwo sanawerengeko n'komwe buku lake. Ciphunzitsoco cinawathandiza pena: cinawatonthoza mtima. Kale wolanda dziko ankati watumidwa ndi Mulungu. Tsopano akanatha kunenanso kuti watumidwa ndi sayansi, ndipo ambiri ananena zonse ziwiri pa tsiku limodzi.

Ku Germany maganizowa anazika mizu kwambiri. Ernst Haeckel, amene anafalitsa Darwin kumeneko kuposa wina aliyense, anagawa anthu m'mitundu 12 naiika pa mndandanda wocokera pansi kupita pamwamba. Friedrich Ratzel anaphunzitsa kuti mtundu wa anthu uli ngati comera cimene ciyenera kukulitsa malo ake kapena kufota. Mu Okutobala 1904, kazembe Lothar von Trotha analamula kuti Mherero aliyense wopezeka m'dziko limene Ajeremani analanda awomberedwe. Pofika 1908, akatswiri ambiri amayerekeza kuti Aherero okwana mpaka 80 pa 100 alionse ndi pafupifupi theka la Anama anali atafa, ena ndi ludzu m'cipululu, ena m'misasa ya ukaidi monga ya pa Shark Island. Zigaza za akufawo zinatumizidwa ku Berlin kuti zikayezedwe. Mu 1908 dokotala Eugen Fischer anafika ku Rehoboth kudzayeza ana obadwa kwa azungu ndi akuda, ndipo munthu yemweyu anadzakhala mkulu wa bungwe lofufuza za mitundu ya anthu ku Berlin mu ulamuliro wa Hitler. Zigaza 20 zoyamba zinabwezedwa ku Namibia mu 2011, ndipo mu 2021 boma la Germany linavomera kuti zimene zinacitikazo kunali kupulula mtundu.

Ku New York mu 1906, mnyamata wa ku Congo, Ota Benga, anaikidwa m'nyumba ya anyani ku malo osungirako nyama a Bronx kuti anthu azimuonerera. Abusa akuda a mu mzindawo ndiwo anacita khama mpaka anatulutsidwa. Anadzipha mu 1916, ndipo bungwe loyang'anira malowo linapepesa mu 2020, patapita zaka 114.

Oopsezedwa nawo anawerenga

Mbali imene siikambidwa kawirikawiri ndi yakuti anthu a kunja kwa Ulaya sanangolandira ciphunzitsoci ngati phukusi. Anacimasulira, anacitsutsa, ndipo ena anacisandutsa cida cao. Cinawafikira pa nthawi imene sitima za nkhondo zinali pa madoko ao, motero anacimva ngati cenjezo.

Ku China, Yan Fu, amene anaphunzira za sitima za nkhondo ku Greenwich, anamasulira buku la Thomas Huxley lonena za cisinthiko ndi makhalidwe, ndipo linatuluka mu 1898, patapita zaka zitatu China atagonjetsedwa ndi Japan. Huxley analemba kuti anthu ayenera kulimbana ndi nkhanza za cilengedwe, osati kuzitsanzira. Yan Fu anaonjezamo ndemanga zake zotsamira kwa Spencer, ndipo uthenga umene owerenga anatengapo unali wakuti China akapanda kudzilimbitsa adzamezedwa. Bukulo linagwira mitima ya acinyamata mwakuti ena anasintha maina. Wolemba wochuka Hu Shi anatenga dzina lakuti Shi, kutanthauza woyenerera, kucokera ku mau a m'ciphunzitso comweci.

Ku Japan, Edward Morse wa ku America anayamba kuphunzitsa za Darwin pa yunivesite ya Tokyo mu 1877. Kato Hiroyuki, amene poyamba ankalimbikitsa ufulu wacibadwidwe wa anthu, anatembenuka mu 1882 n'kulemba kuti ufulu wotero kulibe, kuti amphamvu ndiwo amapambana. Japan anaphunzira phunzirolo mopitirira muyeso. Analanda Taiwan mu 1895 ndi Korea mu 1910, akunena za anansi ake zimene azungu ankanena za iye.

Kwa Aluya, khomo linali sukulu ya amishonale. Mu 1882 mphunzitsi Edwin Lewis anayamikira Darwin pa mwambo wa omaliza maphunziro ku Syrian Protestant College mu mzinda wa Beirut. Akuluakulu a sukuluyo anamukakamiza kusiya nchito, ophunzira ananyanyala, ndipo aphunzitsi ena anatula pansi udindo. Akonzi a magazini ya sayansi ya al-Muqtataf anasamukira ku Cairo pasanapite zaka zambiri, kumene anapitiriza kufalitsa nkhani za cisinthiko. Kumbali ina kunali Jamal al-Din al-Afghani, amene mu 1881 ali ku India analemba motsutsa ciphunzitsoci, poona kuti cingafooketse cikhulupiriro cimene cinali kugwirizanitsa Asilamu polimbana ndi Britain. Kwa iye nkhaniyi inali ya ndale monga mmene inalili ya cipembedzo.

Ku South America, kumene olamulira anali zidzukulu za azungu, ciphunzitsoci cinalozedwa kwa anthu a m'dziko momwemo. Nkhondo ya kazembe Julio Roca yolanda Patagonia kwa eni nthaka, kuyambira 1878, inafotokozedwa ngati kugonja kwacibadwa kwa mtundu wofooka. Mu 1911 nthumwi ya Brazil, João Batista de Lacerda, inauza msonkhano wa ku London kuti m'zaka 100 anthu akuda adzakhala atazimiririka m'dzikomo cifukwa ca kubwera kwa azungu ndi kukwatirana. Zaka 100 zitatsala pang'ono kukwana, kalembera wa 2010 anapeza kuti oposa theka la anthu a ku Brazil amadzicha akuda kapena osakanizika.

Panalinso amene anatenga Darwin n'kumenyera azungu omwewo. Mu 1885 Anténor Firmin wa ku Haiti, membala wa bungwe la akatswiri a za anthu ku Paris, anatulutsa buku lalikulu lonena za kufanana kwa mitundu ya anthu. Iye anavomereza cisinthiko, koma anasanthula miyeso ya zigaza imene akatswiri a ku France ankadalira, naonetsa kuti manambala aowo akutsutsana okhaokha. Anzakewo analinyalanyaza bukulo, ndipo linadikira mpaka caka ca 2000 kuti limasuliridwe m'Cingerezi.  Nayenso Peter Kropotkin wa ku Russia, amene anaona nyama za ku Siberia zikupirira cisanu pothandizana, analemba mu 1902 kuti kuthandizana kumapulumutsa zamoyo monga mmene kulimbana kumacitira. Mfundo imeneyi munthu wokulira m'mudzi wa kuno, kumene anthu amalima cibalo ca dima pamodzi, sangaione yacilendo.

Cigaza ca ku Kabwe

M'buku lomwe lija la 1871, Darwin analembamo cinthu cina cimene anzake sanacikonde. Poona kuti chimpanzi ndi gorila amapezeka mu Africa, anati n'kutheka kwambiri kuti makolo oyambirira a anthu anakhala mu Africa. Akatswiri ambiri anakonda Asia kapena Ulaya. Mu 1912 anapatsidwa cimene mtima wao unkafuna: zidutswa za cigaza zopezeka ku Piltdown, kum'mwera kwa England, zooneka ngati za kholo la anthu la ubongo waukulu. Amene anaciimira kwambiri anali Arthur Smith Woodward wa ku British Museum.

Pa 17 Juni 1921, mu mgodi wa mtovu ndi zinki wa Broken Hill, umene lero ndi Kabwe, mzungu wa ku Switzerland Tom Zwigelaar ndi wanchito mnzake wakuda anafukula cigaza pafupifupi cathunthu, ca zikope zocindikala ndi mano obooka. Dzina la Zwigelaar lili m'mabuku onse, pamodzi ndi cithunzi cake. Dzina la munthu wakudayo palibe amene analilemba. Eni mgodi anatumiza cigazaco ku London caka comweco, ndipo Woodward yemwe uja anacipatsa dzina lakuti Homo rhodesiensis. Motero munthu amene anakhala pa nthaka ino kalekale anachedwa ndi dzina la dziko la Rhodes. Phanga limene anapezekamo linakumbidwa lonse pofuna miyala, ndipo limodzi nalo unapita umboni wambiri umene akatswiri a lero akanaufuna.

Ici cinali cigaza coyamba ca mtundu wakale wa anthu kupezeka mu Africa, koma sicinasinthe maganizo msanga. Pamene Raymond Dart analengeza mu 1925 za cigaza ca mwana copezeka ku Taung mu South Africa, akatswiri a ku London anacicepetsa kuti ndi ca nyani, cifukwa sicinkagwirizana ndi ca ku Piltdown. Mu 1953 zinaululika kuti ca ku Piltdown cinali cinyengo, cigaza ca munthu cophatikizidwa ndi cibwano ca nyani wa orangutan, mano ake atapalidwa ndi tupa. Kwa zaka 40 cikhumbo cakuti munthu woyamba akhale Mngerezi cinasoceretsa anthu ophunzira kwambiri.

Kucokera pamenepo umboni waunjikana kuno. Mafupa a Lucy anapezeka ku Ethiopia mu 1974, ndipo mapazi a ku Laetoli mu Tanzania, a zaka zoposa 3.6 miliyoni, anapezeka mu 1978. Kafukufuku wa majini waonetsa kuti anthu onse a kunja kwa Africa ndi zidzukulu za gulu locepa limene linacoka kuno, ndi kuti anthu a mu Africa amasiyana pakati pao kuposa a kwina kulikonse. Mu 1972 Richard Lewontin anawerengera kuti pafupifupi 85 pa 100 ya kusiyana kwa majini a anthu kumapezeka m'kati mwa gulu limodzi lomwelo, ndipo kagawo kocepa cabe ndiko kamasiyanitsa amene ankachedwa mitundu. Makwerero aja anagwetsedwa ndi sayansi ya cisinthiko yomweyo, ngakhale kuti inafika mocedwa, dziko litaona kale misasa ya Hitler. Bungwe la UNESCO linatulutsa cikalata cake coyamba cotsutsa tsankho la mitundu mu 1950, pamene kuno munthu wakuda anali kugulabe nyama pa windo la kumbali kwa sitolo.

Zambia akupitiriza kuonjezera pa umboniwo. Mu 2020 akatswiri anayezanso cigaza ca ku Kabwe napeza kuti cili ndi zaka pafupifupi 299,000, kutanthauza kuti mwini wake anakhala pa nthawi imene anthu a mtundu wathu anali atayamba kale kuoneka mbali zina za Africa. Mu 2023 gulu lotsogoleredwa ndi Larry Barham wa ku yunivesite ya Liverpool linalengeza kuti pa mathithi a Kalambo, kufupi ndi Mbala, lapeza mitengo iwiri yosemedwa kuti ilumikizane, ya zaka pafupifupi 476,000. Palibe comangidwa ca mitengo cakale kuposa ici cimene capezeka padziko. Dzina lakuti rhodesiensis nalo likutsutsidwa. Ambiri amaika cigazaco m'gulu la Homo heidelbergensis, ndipo mu 2021 akatswiri ena anapempha dzina latsopano, cifukwa cimodzi cikhala cakuti lakalelo limalemekeza Rhodes.

Cigaza ceniceni cikali ku Natural History Museum mu London, ndipo ana a sukulu a kuno amaona cifaniziro cake cabe. Boma la Zambia lakhala likupempha kuti cibwezedwe kuyambira zaka za m'ma 1970, ndipo mu 2018 nkhaniyi inakambidwa ku komiti ya UNESCO yoona za kubweza cuma ca cikhalidwe. Mfundo ya Zambia ndi yakuti lamulo la atsamunda omwewo, la mu 1912, linkaletsa kutulutsa zinthu zakale zotere popanda cilolezo. Ku Britain, lamulo la 1963 limaletsa nyumbayo kupereka zimene imasunga kupatula pa zifukwa zocepa, ndipo lamulo la 2004 limene linalola kubweza mafupa a anthu limakhudza okhawo amene anamwalira zaka zosapitirira 1,000 zapitazo. Munthu wa ku Kabwe anapitirira malire amenewo ndi zaka pafupifupi 298,000.